Digiri yolipiridwa ndi abwana: momwe $5,250 pa chaka ingakwanire ku America

Ku United States aliyense wofuna kuphunzira digiri ali pa ntchito amakumana ndi nambala iyi: $5,250. Ndi ndalama imene kampani ingalipire pa maphunziro a wantchito wake m'chaka chimodzi, boma osadulapo msonkho. Lamulo lake lili m'malamulo a misonkho a dzikolo ndipo anthu amangolitchula kuti Section 127. Linabwera mu 1978 ngati lakanthawi chabe, aphungu n'kumangoliwonjezera masiku likatsala pang'ono kutha, mpaka linadzakhazikika kumayambiriro kwa 2013. Malire a $5,250 anaikidwa mu 1986, ndipo kuchokera pamenepo nambalayi yangoti chilili kwa zaka pafupifupi 40. Lamulo limene linasainidwa pa 4 July 2025 ndi limene lati ikadutsa 2026 ndalamayi izikwera potsatira kukwera mtengo kwa zinthu.

Mu 1986 munthu ankalipira fizi ya chaka chonse pa yunivesite ya boma ndi ndalama imeneyi, zambiri n'kutsala. Lero zinthu zinatembenuka. Bungwe la College Board linapeza kuti m'chaka cha maphunziro cha 2024-25, fizi ya pa yunivesite ya boma inali pafupifupi $11,610 kwa wophunzira wokhala m'chigawo (state) chimene muli yunivesiteyo, ndipo pa mayunivesite omwe si a boma inali pafupifupi $43,350. Ndalama za pogona ndi chakudya sizili m'menemo. Choncho munthu amene angolembetsa pa sukulu imene yamudolola mtima, poganiza kuti "abwana alipira", adzapeza kuti abwanawo aponyapo kagawo chabe, kotsalako ndi ngongole yake. Koma alipo ena, ogwira ntchito m'makampani omwewo, olandira $5,250 yomweyo, amene amamaliza digiri atatulutsa ndalama zochepa kwambiri m'thumba mwawo. Chowasiyanitsa ndi ndondomeko: amayamba ndi chiyani, amamaliza ndi chiyani, ndipo ndalama ya kampani amaiponya pati.

Lamulolo palokha ndi lofewa kuposa mmene ambiri amaganizira. Silikakamiza kuti maphunzirowo agwirizane ndi ntchito imene munthu akugwira. Wonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu atha kuphunzira za makompyuta kapena unamwino ndalamayo osadulidwa msonkho. Limalola fizi, mabuku ndi zipangizo zofunika pa kosi. Sililola chakudya, pogona, thiransipoti, kapena makosi a masewera ndi zosangalatsa ngati sali mbali ya digiriyo. Kuyambira mu 2020 limalolanso kuti kampani igwiritse ntchito ndalama yomweyo kubwezera ngongole ya maphunziro imene wantchito anatenga kale. Chimene lamulo limaumiriza n'chakuti dongosololi likhale lolembedwa papepala, lisakondere mabwana olandira ndalama zambiri, ndiponso wantchito asapatsidwe mwayi wosankha pakati pa maphunziro ndi ndalama ya m'manja. Malamulo ena onse okhwima, monga kusankhirana sukulu, magiredi ndi zaka zokhala pa ntchito, amaika ndi makampani eni ake.

Musaganize kuti makampaniwa amachita izi chifukwa cha chifundo chokha. Ndalamayi amaichotsera pa phindu lodulidwa msonkho, salipirapo msonkho wa malipiro, ndipo wantchito amene ali pakati pa digiri sachoka wamba. Kafukufuku wa Lumina Foundation ndi Accenture pa kampani ya inshuwalansi ya Cigna, woona zaka za 2012 mpaka 2014, anapeza kuti pa dola iliyonse yolipirira maphunziro, kampaniyo inkabweza dolayo n'kupulumutsanso $1.29 pa ndalama zolembera ndi kuphunzitsa antchito atsopano. Ndi malonda, ndipo wolowamo ayenera kulowa ngati wamalonda mnzawo.

Kubwezeredwa ndi kulipiriridwa

Njira yakale, imenenso ikadali yofala, ndi yobwezera. Wantchito amapempha chilolezo kosi isanayambe, amalipira yekha fizi, amaphunzira, amalemba mayeso, kenako n'kupereka malisiti ndi magiredi ku ofesi yoona za antchito. Akakhoza pa mlingo umene kampani ikufuna, ndalama imabwera. Vuto lake ndi loonekeratu. Munthu wolandira malipiro a pa ola, amene ndalama yake imatha mwezi usanathe, akazitenga kuti $1,000 kapena $2,000 zoti atsogoze n'kudikira miyezi inayi kapena isanu? Ambiri amagwera pa khadi ya ngongole, imene chiwongoladzanja chake chimaposa 20 peresenti pa chaka, ndipo chiwongoladzanjacho kampani sibweza. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri madongosolo otere ankapindulira makamaka anthu a m'maofesi ofuna digiri yachiwiri, pomwe antchito apansi ankangowaona papepala.

Pali kanjira kamene ambiri sakadziwa. Makoleji ochuluka ndithu amalola wophunzira amene wabweretsa kalata ya kwa abwana kuti achedwetse kulipira mpaka semesita itatha ndipo magiredi atatuluka. Ena amalipiritsa kandalama kochepa pa chilolezo chimenechi. Kufunsa ku ofesi ya za chuma pa sukulupo musanalembetse kungakupulumutseni ku ngongole ya khadi.

Njira yatsopano ndi yoti kampani imalipira sukulu mwachindunji. Starbucks inayamba mu 2014 mogwirizana ndi Arizona State University, kumene antchito ake amaphunzira digiri yoyamba pa intaneti. Walmart inatsegula Live Better U mu 2018, wantchito akupereka $1 pa tsiku, ndipo mu 2021 inachotsa ngakhale dolayo. Target inalowa mu 2021, Amazon nayo inakulitsa Career Choice mu 2022 kuti izilipiriratu fizi ya ku koleji. Ambiri mwa makampaniwa sayendetsa okha madongosolowa. Amalemba ntchito makampani apakati monga Guild ya ku Denver, InStride kapena EdAssist ya Bright Horizons. Ubwino wake ndi wakuti simutsogoza ndalama. Kuipa kwake ndi kwakuti mumasankha pa mndandanda umene mwapatsidwa. Wa ku Starbucks amaphunzira ku Arizona State basi. Ngati digiri imene mukufuna ili pa mndandandawo, palibenso chifukwa choyendera njira zokhotakhota zimene zikubwerazi. Ngati palibe, kapena ngati kampani yanu ndi ya njira yakale ija, muyenera kukhala pansi ndi pensulo.

Masamu a makirediti

Digiri yoyamba ku America imawerengedwa m'makirediti, ndipo nthawi zambiri amakhala 120. Kosi imodzi ya semesita imapereka atatu. Ndiye kuti digiri ndi makosi pafupifupi 40. Sukulu zambiri zophunzitsa anthu apantchito zimalipiritsa pa kirediti.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito usiku m'nyumba yosungiramo katundu, amene wapeza sukulu ya pa intaneti yolipiritsa $330 pa kirediti. Digiri yonse ndi $39,600. Ndalama ya kampani ikwanira makosi asanu pa chaka, omwe ndi makirediti 15, pa mtengo wa $4,950, n'kutsala $300 ya mabuku. Akayenda choncho osawonjezerapo yake, amaliza patatha zaka zisanu ndi zitatu. Pa zaka zimenezo fizi ikwera, ana akula, mwina kampani isintha malamulo, mwinanso ntchito itha. Ambiri oyamba ulendo wotere samaliza. Bungwe la National Student Clearinghouse linawerengera kuti ku America kuli anthu oposa 36 miliyoni azaka zosafika 65 amene anayamba koleji koma sanatulukeko ndi pepala lililonse.

Tsopano tiyerekeze kuti mayi yemweyo wafika pa sukulu ija atanyamula kale makirediti 90 ochokera kwina. Southern New Hampshire University, mwachitsanzo, imalandira mpaka 90 mwa 120. Otsala ndi 30, mtengo wake $9,900. Ndalama ya kampani ya zaka ziwiri ndi $10,500. Yakwanira, n'kutsalako. Ntchito yonse tsono yasanduka yofunafuna makirediti 90 aja motchipa, ndi kuonetsetsa kuti sukulu yomaliza iwalandira.

Mawu akuti "iwalandira" ndi pamene pagona nkhani. Sukulu imene idzasindikize dzina lanu pa digiri ndi imene ili ndi mawu omaliza pa kirediti iliyonse yochokera kunja. Ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za boma ya GAO inatulutsa lipoti mu 2017 losonyeza kuti ophunzira amene anasintha sukulu pakati pa 2004 ndi 2009 anataya pafupifupi 43 peresenti ya makirediti awo. Kutayako kuli pawiri. Pena sukulu yatsopano imakaniratu. Pena imalandira mwaulemu, koma n'kuwaika m'gulu la makosi ongodzisankhira, limene malo ake ndi ochepa, moti munthu amakhala ndi makirediti 75 papepala koma owerengedwa pa digiri yake ndi 45 okha. Kachiwiriko ndi kopweteka kwambiri chifukwa munthu amazindikira mochedwa.

Motero dongosolo labwino limayambira kumapeto. Sankhani kaye sukulu yomaliza ndi digiri yeniyeni, osati "china chake cha bizinesi" ayi, dzina lake lenileni. Tengani mndandanda wa makosi onse ofunika pa digiriyo. Tumizani zikalata za maphunziro aliwonse amene munachitapo kale, ngakhale a zaka 15 zapitazo, ngakhale a ku usilikali kapena a kunja kwa dziko, kuti akuuzeni polemba kuti alandira ati ndipo awaika pati. Kenako mzere uliwonse wotsala muufunse kuti: kodi ndingaupeze kuti motchipa, ndipo sukuluyi yavomereza? Yankho la pakamwa la munthu wa pa foni wokopa ophunzira silikwanira. Pezani imelo yochokera ku ofesi yosunga mbiri ya ophunzira, muisunge.

Magwero a makirediti otchipa alipo atatu akuluakulu. Oyamba ndi ma community college, makoleji a boma a zaka ziwiri, amene fizi yake mu 2024-25 inali pafupifupi $4,050 pa chaka kwa okhala m'deralo, kapena kuti pafupifupi $135 pa kirediti. Apa ndalama ya kampani yokha imakwanira chaka chonse. M'zigawo zambiri muli mapangano olembedwa pakati pa makoleji amenewa ndi mayunivesite a boma, osonyeza kosi ndi kosi mmene idzawerengedwere, ndipo iyi ndi njira yodalirika kuposa zonse. Achiwiri ndi mayeso a CLEP a College Board, omwe alipo 34. Munthu amene akudziwa kale phunziro, kaya ndi masamu oyambira, mbiri ya America kapena Chisipanishi, amalemba mayeso a mphindi pafupifupi 90, akapeza mapointi 50 kapena kuposa sukulu zambiri zimamupatsa makirediti atatu, pena ochulukirapo. Mtengo wake wakhala wosafika $100, osawerengera kandalama ka pamalo olembera, ndipo bungwe la Modern States limaphunzitsa ulere pa intaneti n'kulipiranso mayesowo. Achitatu ndi makampani monga Sophia Learning, Study.com ndi StraighterLine, amene amalipiritsa pa mwezi ndipo makosi awo anaunikidwa ndi American Council on Education, bungwe loimira makoleji ndi mayunivesite. Wakhama amatha makosi angapo m'mwezi umodzi.

Gwero lachitatuli ndi lokoma kumva, koma ndi pamene pafunika maso. Makampani amenewa si mayunivesite. American Council on Education imangolangiza kuti kosiyi ndi yoyenera makirediti akutiakuti. Sikakamiza sukulu iliyonse kumvera. Mayunivesite otchuka ambiri amakana. Palinso sukulu zina zimene zinakhazikitsidwira ntchito yomweyi yolandira makirediti ochokera kulikonse: Excelsior ya ku Albany, New York, imene inayamba mu 1971, Thomas Edison State University ya ku New Jersey ya mu 1972, ndi Charter Oak State College ya ku Connecticut ya mu 1973. Izi zimalandira ochuluka kuposa 90, n'kungofuna makosi ochepa a pakhomo pawo. Sukulu zina zambiri zimafuna kuti makirediti osachepera 30 muwachitire kwa iwo. Ndipo makampani ena olemba ntchito salipira mayeso a CLEP kapena makosi a pa mwezi aja, ati si fizi ya pa sukulu yovomerezeka. Izi si zodandaulitsa kwenikweni. Zotchipazo lipirani nokha, ndalama ya abwana muisungire makosi odula a kumapeto amene simungawapeze kwina.

Western Governors University, imene inakhazikitsidwa ndi abwanamkubwa a zigawo 19 mu 1997, ili ndi kachitidwe kena. Imalipiritsa mtengo umodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, wozungulira $4,000 pa madigiri oyamba ambiri, ndipo mumamaliza makosi ochuluka mmene mungathere. Kwa munthu wodziwa kale ntchito yake, monga wa makompyuta amene akungofuna pepala, njira imeneyi imatchipa modabwitsa. Kwa munthu wochedwa kapena wotanganidwa, miyezi imatha ndalama n'kupita makosi atatha awiri okha. Funsaninso ngati kampani yanu imabwezera sukulu yosapereka magiredi a A, B ndi C, chifukwa kumeneko amangolemba kuti wakhoza.

Pa kuvomerezeka kwa sukulu ndingonena mwachidule. Onani kuti ili pansi pa limodzi mwa mabungwe akale ounika mayunivesite, monga Middle States, Higher Learning Commission kapena SACSCOC. Ophunzira a Corinthian Colleges, imene inagwa mu 2015, ndi ITT Tech, imene inatsekedwa mu 2016, anatsala ndi ngongole ndi makirediti amene sukulu zambiri zinawakana. Ndipo ngati mukulinga ku unamwino, udokotala, uinjiniya kapena uphunzitsi, kumene kuli mabungwe opereka ziphaso, njira zachidulezi muziyende mosamala kwambiri. Sukulu za udokotala nthawi zambiri zimafuna kuti sayansi munaiphunzira m'kalasi ndi mu labu, ndi giredi yooneka.

Kalendala ya msonkho si ya sukulu

Chaka cha sukulu chimayamba mu August kapena September. Chaka cha $5,250 chimayamba pa 1 January n'kutha pa 31 December, ndipo yosagwiritsidwa ntchito siwolokera ku chaka chinacho. Imangotha. Apa pali mwayi ndiponso msampha.

Mwayi wake ndi wakuti chaka chimodzi cha sukulu chimaponda zaka ziwiri za msonkho. Mayi uja akayamba makirediti ake 30 omaliza mu August, n'kuchita 15 chaka chisanathe, ena 15 kuyambira January, adya ndalama ya zaka ziwiri m'miyezi yosakwana 12. Pa nthawi imeneyo ntchito ya usiku ndi makosi zidzamuwawa ndithu, koma masamu ake akutheka.

Msampha wake ndi wakuti ndalamayi imawerengedwa potengera tsiku limene yalipidwa, osati tsiku limene kosi inachitika. Semesita ikatha pakati pa December, magiredi n'kutuluka pafupi ndi Khirisimasi, ofesi yoona za antchito n'kukonza malipiro mu January, ndalama ija yadya gawo la chaka chatsopano. Ya chaka chathacho yapita osakhudzidwa, ya chaka chino yatha chaka chisanayambe n'komwe. Makampani ena amaika tsiku lomaliza kulandira mafomu kumayambiriro kwa December pofuna kupewa zimenezi, zomwe zikutanthauza kuti kosi yothera pa 15 December yachedwa kale. Sukulu zokhala ndi timateremu ta masabata asanu ndi atatu zimathandiza pamenepa, chifukwa mutha kusankha kosi yothera mu October, ndalama n'kulowa chaka chisanathe. Funso loti mufunse ku ofesi ndi losavuta: "Kosi ikatha mu December, mumaiwerengera chaka chiti?" Kafunso kameneka kangakhale ka madola masauzande.

Nanga kampani ikapereka zoposa $5,250? Zowonjezerazo zimawerengedwa ngati malipiro ndipo zimaoneka pa fomu ya W-2, imene imasonyeza malipiro a wantchito a chaka chonse ndi msonkho umene wadulidwa. Kampani ikalipira $8,000, ndiye kuti $2,750 idulidwa msonkho. Kwa munthu wa mu gulu lodulidwa msonkho wa 22 peresenti, kuphatikiza 7.65 peresenti ya Social Security ndi Medicare (thumba la boma la penshoni ndi la chipatala cha okalamba), ndi pafupifupi $815, msonkho wa chigawo usanalowepo. Ena amakana ndalama yowonjezerayo poopa msonkho, zomwe n'zosamveka: kulipira $815 kuti ulandire $2,750 ndi phindu. Chongofunika n'kudziwiratu kuti malipiro a miyezi imeneyo abwera operewera. Pali mpata wina pansi pa Section 132, gawo lina la malamulo a misonkho, umene umalola ndalama zoposa malirewo kusadulidwa msonkho ngati maphunzirowo akunola luso la ntchito imene munthu akugwira kale. Koma ngati akumukonzekeretsa ntchito ya mtundu wina, mpatawo umatsekeka, ndipo digiri yoyamba nthawi zambiri imagwera kumeneko.

Ndalama ya abwana si yokhayo pa tebulo. Boma limachepetsera msonkho anthu olipira fizi kudzera mu American Opportunity Tax Credit, imene imafika $2,500 pa chaka kwa amene watulutsa $4,000. Imagwira pa zaka zinayi zoyambirira za koleji, kwa wophunzira amene akutenga osachepera theka la makosi a wophunzira wanthawi zonse, ndipo imayamba kuchepa malipiro a munthu mmodzi akadutsa $80,000 pa chaka, kapena $160,000 kwa banja. Lamulo lake ndi lakuti dola imodzi singadyedwe kawiri: fizi imene kampani yalipira popanda msonkho simungaiwerengerenso pano. Koma taonani mmene ziwirizi zimalumikizirana. Fizi ya chaka ikakhala $9,250, kampani ilipira $5,250, inu mulipira $4,000, boma likubwezerani mpaka $2,500 pa msonkho. Chotuluka m'thumba mwanu ndi $1,500 pa maphunziro a $9,250. Kwa munthu woyenerera, kuwonjezera yake pang'ono kuti afulumire kumaposa kudikira ndalama ya abwana chaka ndi chaka. Amene zaka zinayi zija zinawathera ali ndi Lifetime Learning Credit, yobweza 20 peresenti ya fizi mpaka $2,000. Zonse ziwiri zimagwira pa sukulu zokhazo zimene zili m'dongosolo la boma lothandizira ophunzira, ndiye makosi a pa mwezi aja sali m'gululi.

Fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo la boma la maphunziro, nayo ambiri apantchito amailambalala poganiza kuti ndi ya ana ongomaliza sekondale. Munthu akafika zaka 24 amaonedwa ngati woima payekha, chuma cha makolo sichiwerengedwanso, ndipo wolandira malipiro ochepa, makamaka wokhala ndi ana, atha kulandira Pell Grant, ndalama yosabweza imene yakhala ikufika $7,395 pa chaka kuyambira mu 2023-24. Ndi ya nzika za dzikolo ndi ena ovomerezeka monga okhala ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, pomwe ndalama ya Section 127 ndi ya wantchito aliyense amene kampani yamuika m'dongosolo lake. Pell ili ndi malire a masemesita 12 pa moyo wonse. Onaninso kuti makampani ambiri amalipira chotsala thandizo lina lonse litachotsedwa. Fizi ikakhala $6,000 ndipo Pell yalipira $4,000, kampani ipereka $2,000 basi. Zikatero nzeru ndi kuwonjezera makosi, ngati mphamvu zilipo, kuti ndalama yotsalayo isathe pachabe.

Pepala limene mumasaina

Walira mvula walira matope. Makampani ambiri amafuna kuti amene walipiriridwa akhalebe pa ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri, apo ayi abweze. Ena amachepetsa ngongoleyo mwezi ndi mwezi, ena amafuna yonse ngakhale mutachoka kutatsala sabata imodzi. Chofunika kuchimvetsa bwino ndi tsiku limene kuwerengako kumayambira. Ngati kumayambira pa malipiro aliwonse, ndiye kuti kosi iliyonse yatsopano imakankhira tsiku lanu lomasuka kutsogolo, ndipo munthu wophunzira zaka zinayi amakhala womangika zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Werenganinso zimene pepalalo likunena pa munthu wochotsedwa ntchito chifukwa chochepetsa antchito. Mapangano abwino amakhululukira woteroyo, ena sanena kanthu, ndipo kusanena kanthu kumakomera kampani. Ngati angadule ngongoleyo pa malipiro omaliza zimatengera malamulo a chigawo chilichonse.

M'kuona kwanga, pangano lotere si loti munthu alithawe. Digiri ikakukwezerani malipiro ndi $15,000 pa chaka ku kampani ina, kubweza $5,250 si nkhani, ndipo olemba ntchito ena amavomera kukulipirirani ngati mbali ya pangano lokulembani. Choipa n'kuzindikira za ngongoleyo tsiku limene mwapereka kalata yosiya ntchito.

Magiredi nawo ali ndi ndalama mkati. Kawirikawiri pa digiri yoyamba amafuna C kapena kuposa, pa yachiwiri B. Kulephera kapena kusiya kosi pakati ndiye kuti fizi yonse ndi yanu. Sukulu zimabweza ndalama yonse m'masiku oyambirira okha, kenako zimachepetsa msangamsanga mpaka kusabweza kalikonse. Wogwira ntchito maola 40 pa sabata ayenera kudziwa kuti kosi ya makirediti atatu imadya maola pafupifupi asanu ndi anayi pa sabata pa semesita yonse, ndipo ikapanikizidwa m'masabata asanu ndi atatu imadya kuwirikiza kawiri. Ndi bwino kuyamba ndi kosi imodzi, kuona mmene thupi ndi banja zikupirira, kusiyana ndi kutenga zitatu n'kugwa ziwiri. Kugwa kumakhudzanso Pell, pakuti sukulu zambiri zimafuna kuti wolandira thandizo la boma asatsike pansi pa avereji ya 2.0, imene ndi giredi ya C, ndipo azimaliza magawo awiri mwa atatu a makosi amene walembetsa.

Palinso timizere ting'onoting'ono tosavuta kudumpha: miyezi imene muyenera kugwira ntchito musanayenerere, ku Amazon ndi masiku 90, ndalama yocheperapo kwa ogwira ntchito maola ochepa, malire a moyo wonse, monga $25,000 ya dongosolo la Earn and Learn ku kampani yotumiza katundu ya UPS, ndi masiku owerengeka operekera malisiti kosi ikatha, amene akadutsa ndiye kuti basi. Chilolezo cha kosi isanayambe musachinyalanyaze ngakhale bwana wanu wa pafupi atanena kuti "pitani mukaphunzire, tidzaona". Iye si amene amatulutsa cheke.

Ndipo dongosolo lonseli kampani itha kulisintha nthawi iliyonse. Disney inayamba Aspire mu 2018 ikulipira fizi yonse ya antchito ake a pa ola; mu 2024 inaika malire a $5,250 pa chaka n'kuchotsamo madigiri achiwiri. Anthu amene anali pakati pa ulendo anayenera kuwerengeranso. N'chifukwa chake ambiri odziwa njirayi amalangiza kuti podutsa pa community college mutengeretu digiri ya zaka ziwiri, ya makirediti 60, ngakhale cholinga chanu chili pa 120. M'zigawo zingapo, monga Florida, digiri imeneyo imatsimikizira malo pa yunivesite ina ya boma ndipo imalandiridwa yathunthu, osaiphwanyanso kosi ndi kosi. Ntchito ikatha mwadzidzidzi muli pa kirediti ya 70, mumachoka ndi pepala lomalizidwa m'manja, ndipo makirediti khumi owonjezerawo amakhala pa mbiri yanu ku sukulu kudikira bwana wina amene ali ndi $5,250 yake.